Mbale Yasweka: Ngozi za pa Nchito ndi Udindo wa Wanchito pa Yunivesite

Mwana akatumidwa kukatsuka mbale kudambo, ndipo pobwera imodzi nkukhala itaphwanyika, kawirikawiri safika kwa amake ndi mau akuti, "Ndaswa mbale." Amafika nati, "Amayi, mbale yasweka." Mau onsewa ngoona, pakuti mbaleyo iridi zidutswa, koma mwa oyambawo muli munthu, ndipo mwa achiwiriwo munthuyo wachokamo, yatsala mbale yokha monga ngati inadzigwetsa pamwala. Inu amene mukuphunzira uphunzitsi mwakomana nazo kale izi m'phunziro la misintho ya aneni. Pali msintho wochitidwa, monga "mbale yaswedwa," ndipo apo womva angathe kufunsa kuti, "Yaswedwa ndi yani?" Palinso msintho wochitika, monga kusweka, kutayika, kuthyoka, kung'ambika ndi kuonongeka. Umenewu sulola funso lotere, pakuti sitinena kuti "mbale yasweka ndi mwana." Msinthowu utseka khomo limene wochita akadalowerapo.

Msintho umenewu suli woipa ai. Makolo athu anasunga nao ulemu ndi mtendere pamudzi. Mlendo akathyola mpando, mwini nyumba amati, "Musadandaule, wangothyoka," ndipo mlendo sachita manyazi. Koma pali malo ena pamene kalankhulidwe kotere kaphetsa anthu, ndiwo malo a nchito. Munthu akavulala pa nchito, anzake amati, "Zangochitika, ndi ngozi," kapena atchula mwambi uja wakuti tsoka silinunkha. Atatero abwerera yense ku nchito yake, ndipo chimene chinavulaza mnzao chikhala pomwepo kudikira wina. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti ngozi zambiri za pa nchito zimanunkha ndithu zisanafike, ndi kuti udindo waukulu wa wanchito ali yense ndiwo kumva fungolo ndi kulinena. Zitsanzo zathu tazitenga ku mayunivesite a ku America, kumene ngozi zina zinafufuzidwa bwino ndi kulembedwa poyera. Tasankha yunivesite dala, pakuti kumeneko nkumene kuli anthu ophunzira koposa. Munthu akafera pa nchito pakati pa anthu otere, sitinganene kuti wafa chifukwa cha umbuli wa pamalopo, ndipo tiyenera kufuna chifukwa china.

ANCHITO A PA YUNIVESITE

Munthu akamva dzina lakuti yunivesite aganiza za mabuku, za aphunzitsi ovala mikanjo ndi za ophunzira okhala chete m'nyumba yowerengeramo. Koma yunivesite ndi mudzi waukulu wa anchito a mitundumitundu. Muli ophika ogwira mipeni ndi miphika ya madzi owira. Muli osesa ndi okolopa. Muli akalipentala ndi amisiri a magetsi ndi a mipope. Muli alonda oyenda usiku, oyendetsa magalimoto, otchetcha udzu ndi alembi a m'maofesi. Mulinso ogwira nchito m'malabotale, ndizo zipinda zimene akatswiri a sayansi ayeseramo mankhwala ndi tizilombo toyambitsa matenda. Tikati mankhwala m'nkhani ino sitinena ochiza okha, koma zinthu zonse zimene akatswiri asanganiza ndi kupima. Zina mwa izo zitentha khungu, zina zipha munthu akapuma mpweya wake, zina ziyaka kapena kuphulika.

Ngozi zochuluka pa malo a nchito nzazing'ono pozimva. Ku Britain, kumene boma liwerenga anchito ovulala chaka ndi chaka, chimene chitsogola pa zovulaza zosapha ndicho kuterereka ndi kupunthwa, ndipo chotsatira chake ndicho kunyamula katundu. Madzi otayika pakhonde, chingwe cha magetsi chopingasa panjira ndi bokosi lolemera lonyamulidwa ndi msana wopinda zavulaza anthu ambiri koposa moto. Zimenezi ziri pa yunivesite monga ziri m'fakitale. Koma pali chinthu china chosiyanitsa malo awiriwa. M'fakitale nchito ndi yomweyo tsiku ndi tsiku, ndipo kapitao adziwa khalidwe la makina ali onse. M'labotale nchito yake ndiyo kuyesa chimene sichinayesedwe. Anthu ake asinthasintha chaka ndi chaka, ndipo ambiri ndi achinyamata. Komanso pulofesa ali yense ali ngati nyakwawa pa chipinda chake, wosakonda kuti munthu wa ku ofesi adzamlangize za kachitidwe kake.

ZIMENE ZINACHITIKA KU LOS ANGELES

Pa 29 Disembala 2008, masiku a tchuthi cha Khirisimasi, pamene anthu ambiri anali kwao, mtsikana wina wa zaka 23 anali pa nchito m'labotale ya mankhwala pa University of California ku Los Angeles. Iye sanali wophunzira wa pamenepo, koma wanchito wolembedwa ndi kulipidwa, wothandiza pulofesa wina pa zofufuza zake, ndipo anali asanakwanitse miyezi itatu pa nchitoyo. Tsikulo anali kutunga mankhwala amadzimadzi otchedwa tert-butyllithium m'botolo lotsekedwa. Mankhwalawa ali ndi khalidwe loopsya, pakuti akangokhudzana ndi mpweya ayaka okha, popanda machesi. Chifukwa chake satsanulidwa ai, koma akokedwa ndi jekeseni kupyola pa chitsekerero cha mphira. Mtsikanayo anatenga jekeseni wa pulasitiki wa mamililita 60, nafuna kukoka mamililita oposa 50 nthawi imodzi, chikhalirecho malangizo a opanga mankhwalawo ati jekeseni akhale wamkulu kawiri kuposa mankhwala okokedwa. Pokokapo, chokokera cha jekeseni chinasololoka ndi kutuluka kunja konse. Mankhwala anamwazikira m'manja mwake ndi pa zovala zake, nayaka pomwepo.

Iye sanavale chikhoti cha m'labotale, koma juzi ya ulusi wa mtundu wa pulasitiki, umene uyaka msanga ndi kusungunukira pakhungu. Pafupi pomwepo panali shawa yoikidwira ngozi zotere, koma m'chipwirikiti chija palibe anathamangirako. Mnzake wina anayesa kuzima moto ndi chikhoti chake, kenaka namthira madzi a pampope. Anapsya magawo oposa 40 mwa magawo 100 a thupi lake, ndipo atagona m'chipatala masiku 18, anamwalira pa 16 Januwale 2009.

Tsono tiyeni tiinene nkhaniyi monga mwana uja ananenera za mbale: chokokera chinasololoka, mankhwala anatayika, juzi inapsya, moyo unatayika. Tikatero nkhani yatha, ndipo palibe amene aphunzirapo kanthu. Koma ofufuza a boma la California anafunsa funso lija limene msintho wochitika ulikana, ndipo anapeza zambiri. Panalibe cholembedwa chiri chonse chosonyeza kuti mtsikanayo anaphunzitsidwa kagwiridwe ka mankhwala oyaka okha. Miyezi iwiri ngoziyo isanagwe, m'mwezi wa Okutobala, oyendera a yunivesite yomweyo anafika m'malabotale a pulofesayo, napeza zolakwa zingapo, pakati pa izo anchito osavala zikhoti ndi mankhwala oyaka osungidwa mosayenera. Analamula kuti zikonzedwe pofika kuchiyambi kwa Disembala, koma tsikulo linapita zisanakonzedwe. Kunadziwikanso pambuyo pake kuti m'chaka cha 2007 wophunzira wina pa yunivesite yomweyo anapsya kwambiri m'labotale, nayenso wopanda chikhoti, ndipo nkhani yake sinaperekedwe ku boma monga lamulo linenera.

M'chaka cha 2009 boma linalipitsa yunivesiteyo chindapusa cha madola 31,875. M'mwezi wa Disembala 2011 akuluakulu ake pamodzi ndi pulofesayo anaimbidwa mlandu m'bwalo la milandu. M'chaka cha 2012 akuluakuluwo anavomera kuti mkhalidwe wa labotale ija unali m'manja mwao, nalonjeza kukonza njira za chitetezo, naika madola 500,000 olipirira maphunziro a ophunzira m'dzina la malemuyo. M'chaka cha 2014 pulofesayo, wosavomera mlandu, anagwirizana ndi oweruza kuti agwire nchito yothandiza anthu maola 800 ndi kupereka madola 10,000, ndipo mlandu wake unathetsedwa m'chaka cha 2018.

MIPANDA YOBOOKA

Kodi wolakwa ndani pa nkhani imeneyi? Funsoli ndi lachangu, ndipo kawirikawiri litisokeretsa. Katswiri wina wa maganizo a anthu, James Reason, wa pa University of Manchester ku Britain, anafotokoza m'zaka za m'ma 1990 kuti ngozi yaikulu sibadwa ndi cholakwa chimodzi. Iye anayerekeza zotchinga ngozi ndi magawo a tchizi cha ku Switzerland chimene chiri ndi mabowo. Ife tingayerekeze ndi khola la mbuzi. Mwini mbuzi kudziko la afisi sadalira chinthu chimodzi. Amanga khola la mitengo, aika chitseko cha mpiringidzo, azinga minga kunja, nagonetsa galu pakhomo. Mwa zonsezi palibe changwiro, koma mpata wa china utsekedwa ndi chinzake, ndipo mbuzi zigona bwino zaka zambiri. Fisi alowa usiku umene mipata yonse yalunjikana: galu wapita kumudzi wina, minga yaola ndi mvula, chiswe chadya mtengo wa pangodya, ndipo mwana waiwala mpiringidzo. M'mawa onse akalipira mwanayo, pakuti kulakwa kwake nkumene kuoneka. Koma chiswe chinayamba kudya chaka chatha, ndipo ambiri anachiona napita.

Chomwecho ku Los Angeles. Maphunziro anali mpanda, jekeseni woyenera anali mpanda, chikhoti chinali mpanda, oyendera anali mpanda, shawa inali mpanda wotsiriza. Ndipo pa 29 Disembala mipata ya yonseyi inalunjikana. Tizindikirenso kuti mipanda siiri yolingana mphamvu. Akatswiri a chitetezo aiika m'ndondomeko yotere. Wolimba koposa ndiwo kuchotseratu choopsyacho. Wotsatira ndiwo kuchisinthanitsa ndi china chosaopsya kwambiri. Wachitatu ndiwo kumanga chotchinga pakati pa munthu ndi choopsya, monga chophimba cha makina kapena kabati yokoka mpweya woipa. Wachinai ndiwo malamulo ndi maphunziro. Ndipo wofooka koposa ndiwo zovala zoteteza, chifukwa zidalira munthu kukumbukira tsiku liri lonse. Onani kuti mipanda yolimbayo amanga ndi wolemba nchito, pakuti ndiye mwini ndalama ndi mwini nyumba. Chotero tikamanena za udindo wa wanchito, tisaiwale kuti katundu wolemera ali pa mutu wa bwana, ndipo sikoyenera kuutula pa munthu amene sanaphunzitsidwe ndi kale lomwe.

ZIMENE MALAMULO ANENA

Maiko ambiri analemba zimenezi m'malamulo ao. Ku Britain, lamulo la Health and Safety at Work Act la m'chaka cha 1974 liyamba ndi udindo wa olemba nchito, kenaka m'gawo 7 linena za wanchito: asamale moyo wake ndi wa ena amene angavulale ndi zimene iye achita kapena aleka kuchita, ndipo agwirizane ndi bwana wake pa zonse za chitetezo. Gawo 8 liletsa munthu ali yense kuononga kapena kuseweretsa zinthu zoikidwira chitetezo. Taonani mau aja akuti "aleka kuchita": lamulo liwerengera munthu ndi zimene anaziona nakhala chete.

Bungwe la maiko loona za anchito, International Labour Organization, linapanga pangano la nambala 155 m'chaka cha 1981. Panganoli liti wanchito akaona choopsya chachikulu chimene chiri pafupi kugwa, auze kapitao wake nthawi yomweyo; bwana sangamkakamize kubwerera pamalopo choopsyacho chisanachotsedwe; wanchito wochoka pa malo otere ndi chifukwa chomveka asalangidwe; ndipo zoteteza asagule ndi ndalama zake. Dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo lake la Occupational Safety, Health and Welfare Act m'chaka cha 1997, ndipo linavomereza pangano lija m'chaka cha 2019.

UDINDO WA WANCHITO

Nanga pa nchito yeniyeni, wanchito achite chiyani?

Choyamba, afunse, ndipo asayambe nchito yoopsya imene sanasonyezedwe. Akulu anati safunsa anadya phula. Kunena nkosavuta, koma ganizani za wachinyamata wongolembedwa kumene, amene ali ndi satifiketi m'thumba, naopa kuti akafunsa aoneka ngati mbuli ndipo nchito imthera. Pa yunivesite mantha amenewa ngaakulu koposa kwina, chifukwa nzeru ndiyo chuma chimene anthu ayamikirana nacho. Chifukwa chake wanchito wakale ali ndi udindo wa kusonyeza watsopano asanafunse, ndi kuimirira pambali pake kufikira ataona ndi maso kuti dzanja lake lazolowera.

Chachiwiri, asapyole malire, ndipo apemphe kuti malirewo alembedwe. Pa 7 Januwale 2010, pa Texas Tech University ku Lubbock, wophunzira wina wa maphunziro apamwamba anali kupanga mankhwala ophulika a mtundu wa nickel hydrazine perchlorate. Mapulofesa ake anali ndi malire akuti mankhwala otere asapangidwe oposa mamiligalamu 100, koma malirewo anali a pakamwa, osalembedwa. Wophunzirayo, pofuna kuti akhale nao okwanira zoyesa zake zonse, anapanga pafupifupi magalamu 10, ndiko kuchulukitsa malire aja ka 100. Poona kuti aumbana timibulu, anatenga theka lake nayamba kusinja m'kamtondo. Mankhwalawo anaphulika, anaduka zala zitatu, napsya manja ndi nkhope, navulala diso. Lamulo la pakamwa lifika kwa amene analipo tsiku limene linanenedwa, ndipo wobwera pambuyo salimva.

Chachitatu, avale zoteteza nthawi zonse, ndi pa nchito ya kamphindi yomwe. Wophunzira wa ku Texas uja anali atavala magalasi oteteza maso poyamba. Anawavula pochoka, ndipo pobwerera kudzatakasa komaliza sanawavalenso. Mau akuti "ndingomaliza aka" atsogolera ngozi zambiri. Wanchito adziwenso ndi mapazi ake, osati ndi mutu wokha, pamene pali shawa, chozimira moto ndi khomo lothawira, pakuti moto ukagwira zovala palibe nthawi ya kukumbukira.

Chachinai, asagwire yekha nchito yoopsya. M'mwezi wa Epulo 2011, pa Yale University, wophunzira wina amene anatsala masabata ochepa kuti atsirize maphunziro ake anali yekha usiku m'chipinda cha makina osemera zitsulo. Tsitsi lake linakodwa m'makina ozungulirawo, ndipo panalibe wina woti awazimitse. Anzake anampeza atafa. Iye anali wophunzira, koma makina safunsa ngati munthu ali pa malipiro. Ichi nchiyani nkulinga muli awiri.

Chachisanu, aganizire amene abwera pambuyo pake. Katswiri akataya galasi losweka kapena singano m'dengu la mapepala, amene abayidwa ndi mai wosesa amene afika m'mamawa, wosadziwa chimene chinali pa singanoyo. Botolo losalembedwa dzina, waya wosiyidwa wosakulunga, mabokosi ounjikidwa pa khomo lothawira moto ndi pansi ponyowa popanda chizindikiro, zonsezi ndi misampha imene woitchera sakodwamo yekha. Anthu a nchito zonyozeka ndiwo akhudza zotsala za onse, ndipo ndiwo aphunzitsidwa pang'ono koposa onse.

Chachisanu ndi chimodzi ndicho chachikulu koposa: anene zimene zinatsala pang'ono kuchitika. M'chaka cha 1931 Herbert Heinrich, wa nchito ya inshuwalansi ku America, analemba kuti mwa ngozi 330 za mtundu umodzi, 300 sizivulaza munthu, 29 zivulaza pang'ono, ndipo imodzi ivulaza kwambiri. Akatswiri a pambuyo pake anakaika mawerengero amenewa, ndipo sitiyenera kuwagwira ngati lamulo la masamu. Koma mfundo yakuti ngozi yaikulu kawirikawiri ituma amithenga patsogolo yaoneka yoona nthawi zambiri. Bungwe la boma la America lofufuza ngozi za mankhwala, Chemical Safety Board, polemba za ku Texas m'chaka cha 2011, linapeza kuti kuyambira 2007 m'malabotale a mapulofesa omwewo munagwa kale ngozi ziwiri zosavulaza, ndipo zimene zikadaphunziridwa pa izo sizinalembedwe bwino kapena kufalitsidwa kwa onse. Munthu akapulumuka amaseka, nati, "Mwai wanga," nakhala chete, chifukwa aopa kudzudzulidwa kapena kutchedwa kazitape wa anzake. Koma chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Ndipo wopulumuka lero ndiye yekha amene adziwa pamene mpanda wabooka.

AMENE ANASUNGA MALAMULO ONSE

Kuti tisaganize kuti ovulala onse ndi osasamala, timve za Karen Wetterhahn, pulofesa wa mankhwala pa Dartmouth College ku New Hampshire, amene anali katswiri wodziwika pa za zitsulo zaululu. M'mwezi wa Ogasiti 1996 anali kugwira mankhwala otchedwa dimethylmercury. Anachita monga mwa malangizo a nthawi imeneyo, atavala magolovesi a mphira. Timadontho towerengeka tinagwera pa golovesi, ndipo iye anapukuta pamalopo, wosadera nkhawa, pakuti anayesa kuti mphira yamteteza. Itapita miyezi isanu anayamba kudzandira poyenda ndi kulephera kulankhula bwino. Kenaka anakomoka, namwalira pa 8 Juni 1997 ali ndi zaka 48. Anzake atayesa magolovesi a mtundu umenewo anapeza kuti mankhwalawo apyola mphirayo m'masekondi osaposa 15.

Apa tsoka silinanunkhedi, ndipo mwambi uja uli ndi malo ake. Koma taonani chimene anzakewo anachita. Sanati, "Zachitika." Anafufuza njira imene ululu unalowera, nalemba machenjezo kwa akatswiri a m'maiko onse, ndipo m'chaka cha 1998 boma la America linatulutsa chenjezo lake la mankhwalawo. Kuyambira pamenepo malangizo anasintha: mankhwalawo apewedwe ngati pali ena ogwira nchito yomweyo, ndipo woagwira avale magolovesi a mtundu wina osapyoleka. Malamulo a chitetezo ngolembedwa ndi anthu, ndipo akula pamene anthu anena zoona za zimene zawagwera.

KUSUKULU KUMENE MUKUPITA

Mwina wina mwa inu afunsa kuti, "Nanga ife aphunzitsi a pulaimale zitikhudza bwanji izi? Kwathu kulibe labotale." Inde kulibe, koma tsiku limene mudzalandira kalasi mudzakhala anthu awiri m'thupi limodzi. Kwa mphunzitsi wamkulu ndi kwa boma mudzakhala wanchito, ndipo kwa ana mudzakhala kapitao, ndiponso ana sadziwa kukana nchito yoopsya. Kusukulu kuli zikwanje ndi makasu a kumunda wa sukulu, mphika wa phala pamoto, dzenje loumbira njerwa limene lidzala madzi m'dzinja, khoma la chimbudzi long'aluka, lata lomasuka padenga, nthambi youma pa mtengo umene ana aphunzirapo, ndi mseu umene awoloka poweruka. Zonsezi ziri ndi fungo lake. Mphunzitsi amene aona mng'alu pa khoma, nauza mnzake pa nthawi ya tiyi, sananene kanthu. Alembe, apereke kwa mphunzitsi wamkulu ndi kwa komiti ya sukulu, alembenso ngati palibe chachitika, ndipo kufikira litakonzedwa ana asayandikeko. Nkwabwino kuti sukulu iri yonse ikhale ndi kope limodzi lolembamo ngozi, zovulaza ndi zosavulaza zomwe, ndi tsiku lake, ndi chimene chinachitidwapo.

Ndipo popeza ndinu aphunzitsi a chinenero chathu, muli ndi chida chimene ena alibe. Pophunzitsa misintho ya aneni, lembani pa bolodi chiganizo chakuti, "Zenera lasweka." Funsani ana achisandutse kuti chikhale ndi mwininkhani. Wina adzati, "Mpira waswa zenera." Funsaninso: anaumenya ndani? Nanga anali kusewera pafupi ndi zenera chifukwa ninji? Kapena adzayankha kuti kubwalo kuli udzu wautali. Nanga udzuwo sunatchetchedwe bwanji? Kapena zikwanje nzotsekeredwa, ndipo wosunga kiyi sanabwere. Mudzaona kuti chiganizo cha mau awiri chabala ziganizo zisanu, chiri chonse ndi mwininkhani wake, ndipo mwa eni nkhaniwo mwina mudzapezamo dzina lanu.

Koma chenjerani ndi chinthu chimodzi. Mwana anaphunzira kunena kuti "mbale yasweka" chifukwa anaona kuti wonena "ndaswa" alandira ndodo. Wanchito wamkulu abisa zimene zinatsala pang'ono kumgwera pa chifukwa chomwecho. Ngati phunziro lanu likhala njira yopezera woti akwapulidwe, ana adzabwerera ku msintho wochitika msanga ndithu, ndipo simudzamvanso kanthu kufikira wina atavulala. Chotero mwana akadza kwa inu nati, "Aphunzitsi, ndinasiya chikwanje mu udzu, ndipo mnzanga anatsala pang'ono kuchiponda," muyambe mwamthokoza pamaso pa anzake, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Mukatero mupite naye limodzi kukachitola, ndipo pobwera mufunse kalasi lonse kuti zikwanje zidziwerengedwa bwanji potuluka ndi pobwerera, ndi kuti adziwerenga ndani.